Za intavyu yako ya Lachinayi, mng'ono wanga

Eee, ndaona meseji yako mu gulu muno, ati akuitana ku intavyu Lachinayi ku bungwe lija logwira nchito ndi alimi kuno ku Chipata, malo a PR, public relations, nchito yolankhulira bungwe kwa anthu ndi atolankhani, ndipo mantha akugwira chifukwa sunagwirepo nchito kupatula atachimenti, ukufunsa kuti adzakufunsa chani komanso uvale chani. Kulemba sindingakwanitse, manja ali mu ufa, ndiye ndingokamba. Amayi ndi amalume mumvere naonso, mwina mudzathandizapo.

Choyamba ndakondwera maningi. Anthu amatumiza makalata ambiri, iwe akusankha, ndiye mapepala ako awaona kale ndipo awakonda. Lachinayi sakufuna kuti uwawerengerenso CV. Chimene akufuna kuona n'chakuti, kodi mtsikana uyu tingamupatse pakamwa pathu? Chifukwa PR ndiye pakamwa pa bungwe. Tsiku limene zinthu zavuta, mabwana amatseka zitseko, foni ya atolankhani imalira kwa iwe. Ndiye kuyambira pamene walowa pa geti, mmene wapatsira moni alonda, mmene wakhalira pa mpando, intavyu yayamba kale.

Ine intavyu yanga yoyamba ndinaluza pa funso limodzi chabe. Ndinali nditaloweza matanthauzo onse a m'buku, PR ndi chani, kusiyana kwake ndi maketing'i, zonse. Bambo wina pa panelo anangofunsa kuti, mlungu uno mwamva chani pa wailesi chokhudza ife? Ndinakhala chete. Kunali nkhani yaikulu, anthu amaimba mafoni kudandaula, ine sindinamve kalikonse. Mpaka lero chimandipweteka, n'chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa. Masiku atatu atsalawa, tsegula Facebook yao, usangoona zithunzi, werenga makomenti pansi, ndi mmene muli zoona. Anthu akudandaula chani? Kuchedwa kwa mbewu? Mitengo ya soya ndi nshawa? Ndipo bungwelo likuyankha kapena likungokhala duu? Tsegula Breeze FM m'mawa, Radio Maria, mvera mapulogalamu amene anthu amaimba foni. Dziwa maboma amene amagwirako, kaya ndi Chadiza, Vubwi, Katete, Lundazi, dziwa dzina la mkulu wao ndi amene amawapatsa ndalama. Ukadzanena kuti ndaona pa peji yanu alimi akufunsa tsiku lolandira ndalama koma palibe wawayankha, ine ndikanayankha motere, pamenepo onse adzadzutsa mitu.

Dikira ndichepetse moto.

Eya. Chachiwiri, konzekera kulemba. Malo ambiri a PR amakukhazika pa kompyuta, akupatsa mfundo zosakanizika, ati lemba press release, uthenga wa bungwe wopita kwa atolankhani, mphindi 30. Anthu ambiri amagwa apa chifukwa amayamba ndi mbiri ya bungwe, linayamba chaka chakuti, masomphenya athu ndi akuti. Mkonzi wa nkhani ku ZANIS, nthambi ya boma yofalitsa nkhani, kapena ku Times of Zambia alibe nthawi imeneyo. Ndime yoyamba inene ndani, wachita chani, kuti, liti, chifukwa chani. Mau a bwana abwere pa ndime yachiwiri, ndipo akhale mau amene munthu anganenedi ndi pakamwa. Tsamba limodzi basi, pansi dzina ndi nambala ya woti afunsidwe. Manambala uwaonenso kawiri, ukalemba alimi 5,000 pamene ndi 500 wanamiza dziko lonse ndipo dzina lochita manyazi ndi la bungwe. Lero usiku lemba imodzi, mawa ina, uzidziikira nthawi pa foni.

Ndiye pali chinthu chimene anzako ochokera ku Lusaka sangakupose nacho, koma iwe umachiona ngati chachabe. Chinyanja chako. Kuno mlimi wa ku Vubwi samawerenga press release, amamvera wailesi madzulo, amamva kwa amfumu, ku tchalitchi, ku msonkhano wa kopaletivu. Akhoza kukuuza kuti, zimene walembazi tauza agogo a kumudzi mu mphindi imodzi. Usaseke, usachite manyazi, usasakanize ndi chizungu chambiri. Yeserera ndi amayi, uwafotokozere za climate change osatchula liu la chizungu ngakhale limodzi, unene za mvula yobwera mochedwa, yodukiza pakati chimanga chili m'maondo, monga chilala cha 2024 chija. Amayi akamva, ndiye kuti wakhoza. Ngakhale asakufunse, iwe utchule wekha kuti ndimatha kukonza uthenga wa pa wailesi m'Chinyanja.

Pamodzi ndi zimenezo, ulemu wa kwa mafumu. Ukafunsidwa kuti tikufuna kukhazikitsa pulogalamu m'mudzi, uyamba bwanji, usayambe ndi matenti ndi ma T-shirt. Uyambe ndi kukaonekera kwa mfumu kudzera kwa nduna, kudziwitsa a DC, mkulu woimira boma m'deralo, ndi a khansala, kenako alangizi a zaulimi a m'deralo. Udziwenso kalendala yathu, Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February kwa Nkosi yama Nkosi Mpezeni, Kulamba ku Mkaika ku Katete mu August kwa Kalonga Gawa Undi. Munthu wa PR amene waika mwambo wa bungwe tsiku limodzi ndi Kulamba, mipando idzakhala yopanda anthu, ndipo adzaoneka wopanda ulemu.

Manje funso limene silimalephera, la mavuto. Adzati, pa WhatsApp pakuyenda voisi noti yakuti bungwe lathu ladya ndalama za alimi, mtolankhani akuimba foni, bwana ali pa ndege, uchita chani? Mng'ono wanga, apa ndipamene ndimaonera munthu ndikakhala pa panelo. Ena amati ndidzakana zonse. Ena amati ndidzati no comment. Onsewo ine ndimawachotsa, chifukwa wokana asanafufuze ndi wabodza, ndipo wokhala chete wasiyira mphekesera bwalo lonse. Iwe unene kuti ndidzamuyankha mtolankhani mwaulemu kuti nkhaniyi taimva, tikuifufuza, ndikuimbirani isanakwane 2 koloko masana. Kenako ndithamange kwa a akaunti ndi kwa oyang'anira pulogalamu ndimve zoona zake, ndipeze wachiwiri kwa bwana avomereze mau, ndipo nthawi imene ndalonjeza ndiimbedi foni ngakhale yankho lisanakwane. Ngati ndalama zachedwadi, tinene kuti zachedwa, chifukwa chake ndi ichi, tsiku lolipira ndi ili. Ndipo alimiwo amve kwa ife poyamba, asamve pa wailesi. Akakuyesa kuti nanga bwana akakuuza kuti unamize, uyankhe modekha kuti ndidzawalangiza kuti bodza likaululika lidzationonga kuposa vutolo, ndipo ine sindidzanena chimene ndikudziwa kuti si choona. Chipata ndi yaing'ono, ukanamiza mtolankhani kamodzi mudzakumana pa msika wa Kapata mawa lake, sadzakukhulupiriranso.

Udziwenso za malamulo pang'ono. Kuyambira 2022 nchito yathu ili ndi lamulo lake, limene linakhazikitsa ZIPRC, Zambia Institute of Public Relations and Communication, kale tinkaitcha ZAPRA. Ogwira nchito ya PR amayenera kulembetsa kumeneko, ndiye ngati sunalembetse uyambe manje, ndipo uwauze zoona kuti ndili mkati molembetsa. Palinso Access to Information Act imene a Pulezidenti Hichilema anasaina mu December 2023, yopatsa anthu ufulu wofunsa zinthu ku maofesi a boma. Ukaitchula pa malo oyenera adzaona kuti umatsata zinthu.

Za kuti ulibe experience, usapepese. Tenga fayilo yoyera, uikemo zimene unalemba ku koleji ya Evelyn Hone ndi pa atachimenti, maposita aja unapanga pa Canva a kwaya, zithunzi za msonkhano wa achinyamata umene unayendetsa ku tchalitchi. Chilichonse ufotokoze kuti vuto linali lotani, iwe unachita chani, chinatuluka n'chani. Paja anthu anadzaza holo nthawi ija chifukwa unapita wekha kukalengeza ku masukulu? Imeneyo ndi PR, uikambe. Koma usaonjezere, chimene unangothandizira unene kuti ndinathandizira.

Facebook ndi TikTok yako, lero lomwe uyang'ane. Adzakusaka, ine ndimasaka aliyense. Zotukwanizana za ndale, chotsa.

Zovala sizovuta, siketi ija yakuda yofika pansi pa maondo ndi bulauzi yoyera, jekete yanga ubwereke, nsapato zoti ungayende nazo bwino. Mapepala: NRC, satifiketi ya Grade 12, dipuloma, ma original ndi makope, ngati unatsimikiza kale ku ZAQA, bungwe lotsimikiza masatifiketi, tenga kalatayo. Ufike mphindi 30 nthawi isanakwane, foni uzimitse. Akafunsa za malipiro, funsa kaye ngati malowo ali ndi sikelo yake, ndipo ndalama imene atchule udziwe kuti nthawi zambiri ndi gross, isanadulidwe kalikonse, padzachoka msonkho wa PAYE, penshoni ya NAPSA 5 peresenti, inshuwaransi ya chipatala ya NHIMA 1 peresenti. Ndipo wina akakuimbira foni kuti tumiza kangachepe pa Airtel Money tikuikire dzina pamwamba, ameneyo ndi wakuba, undiuze nthawi yomweyo.

Pomaliza adzati uli ndi funso? Usati ayi. Funsa kuti m'miyezi itatu yoyamba mukufuna munthu ameneyu akonze chani, ndipo ndani amavomereza mau asanapite kwa atolankhani.

Lachitatu ukatuluka ku kwaya ubwere kuno kunyumba ndi ma press release ako awiri aja. Alamu ako adzakhala bwana wovuta, ine mtolankhani, tidzakufunsa mpaka mantha athe. Amalume, ngati njinga yamoto ili bwino mumuperekeze Lachinayi m'mawa asadzafike ndi fumbi. Nsima yapsa, ndapita.