Mafunso a Owerenga: Kodi Wolakwira Lamulo la Gofu Ndi Wobera?

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Ulongwe, m'boma la Angonia. Mwana wanga wamkazi amene akugwira ntchito ku Moatize wayamba kukonda masewera a gofu, moti akabwera kuno amakhalira kuonera pa foni mipikisano ya azimayi ya ku America. Tsiku lina anatiwonetsa kanema wa Lexi Thompson akubwezera kampira kake pa kapinga, ndipo bambo ake anati mtsikanayo ndi wobera, sakusiyana ndi munthu wobisa nkhomo m'manja pa bawo. Mwanayo anakana kwamtuwagalu, ndipo mpaka lero sanagwirizane. Kodi anaberadi? Nanga masewera opanda woyimbira wezulo amayendetsedwa bwanji? Ndine mayi wa ku Ulongwe.

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi lachiwirilo, pakuti ndilo likutsegulira njira loyambalo. Pa gofu amawerenga kuti munthu wamenya kampira kangati kuti akalowetse m'maenje 18 a tsiku limodzi, ndipo m'mipikisano ikuluikulu amasewera masiku anayi, wopambana n'kukhala amene wamenya kochepa kuposa onse. Bwalo lake ndi lalikulu kwambiri moti woyang'anira malamulo sangaone zonse, choncho malamulo, omwe amalembedwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews ku Scotland pamodzi ndi la USGA la ku America, amaika udindo woyamba pa wosewera mwini. Iye ndiye ayenera kudziulula akalakwitsa ndi kudziwonjezera chilango. Zotsatira zake amalemba ndi mnzake amene akusewera naye, ndipo pomaliza mwiniwake amasayina khadilo kutsimikiza kuti zolembedwazo ndi zoona. Oyang'anira malamulo alipo ndithu, koma nthawi zambiri amabwera akaitanidwa.

Nkhani imene munaonayo inachitika mu April 2017 pa mpikisano wa ANA Inspiration, ku Mission Hills m'chigawo cha California. Wosewera akafika pa kapinga wosalala wozungulira dzenje amaloledwa kutola kampira kake, koma ayenera kuyamba waika kachizindikiro kumbuyo kwake, kawirikawiri kandalama kachitsulo, kenako n'kukabwezera pamalo penipeni pomwe kanali. Loweruka, pa dzenje la 17, Lexi Thompson anatola kampira komwe kanali pafupi kwambiri ndi dzenje, ndipo pokabwezera anakaika pambali pang'ono, kusiyana kwake ngati kukula kwa chala. Palibe aliyense pabwalopo amene anaona. Munthu wina woonera pa kanema kunyumba kwake ndiye anatumiza imelo kwa akuluakulu a LPGA, bungwe loyendetsa mipikisano ya gofu ya azimayi ku America, ndipo Lamlungu, mtsikanayo atamaliza dzenje la 12 akutsogola, anauzidwa kuti amuwonjezera kumenya kunayi: kuwiri chifukwa chomenyera kampira pamalo olakwika, kwina kuwiri chifukwa chosayina khadi lolakwika dzulo lake. Anapitiriza kusewera misozi ili m'maso, analimbikira mpaka kufanana ndi So Yeon Ryu wa ku South Korea, koma anagonja pa dzenje lowonjezera lopezera katswiri.

Bambo a kunyumbawo akulondola pa mfundo imodzi: lamulo linaphwanyidwa, ndipo chilango choyambacho chinali choyenera. Koma mawu oti wobera ndi olemera, ndipo ine sindingawagwiritse ntchito pano. Wobisa nkhomo pa bawo amadziwa chimene akuchita, amachita mwadala, ndipo amachibisa kuti mnzake asaone. Kanema uja akuonetsa dzanja likuika kampira pambali, koma sakuonetsa kuti mwini dzanjalo ankadziwa, ndipo iye mwini ananena kuti sanachite dala. Akuluakulu a mpikisanowo sanamuweruze ngati wachinyengo, chifukwa akadapeza kuti anachita mwadala akadamuchotseratu mu mpikisano.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi ndi chilango chachiwiricho. Munthu analangidwa chifukwa chosalemba pa khadi chilango chimene sankadziwa kuti ali nacho, ndipo anauzidwa patapita tsiku lathunthu, atasewera kale maenje ambiri akuganiza kuti ali patsogolo. Komanso makamera satsata osewera onse mofanana. Amakhala pa otchuka ndi amene akutsogola, pamene wina amene ali m'munsi akhoza kulakwitsa chimodzimodzi popanda womuona. Chaka cha 2016 zofanana ndi zimenezi zinamugwera Anna Nordqvist wa ku Sweden pa U.S. Women's Open, pamene kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono anaonetsa kuti ndodo yake inakhudza timchenga tochepa asanamenye kampira m'malo a mchenga, momwe malamulo saloleza kutero, chinthu chimene diso la munthu silikanatha kuona, ndipo chikho chinapita kwa Brittany Lang.

Olemba malamulo nawonso anaona kuti pali vuto. M'mwezi womwewo wa April 2017 analamula kuti cholakwa chooneka pa kanema pokha, chimene maso sangachione, chisamabweretse chilango, ndiponso kuti wosewera akayesetsa moona mtima kupeza malo oyenera a kampira, zimenezo zizilandiridwa. Kuyambira pa 1 January 2018 mipikisano ikuluikulu inasiya kumvera madandaulo a oonera kunyumba, m'malo mwake amaika woyang'anira malamulo woti azionera kanemayo, ndipo chilango chowonjezera cha khadi chija chinachotsedwa kwa munthu amene sankadziwa kuti walakwa. Zikadakhala choncho kale, Lexi Thompson akadalangidwa kumenya kuwiri kokha.

Ngati bambowo akufuna nkhani yoyandikira ku zimene akunena, awuzeni za Yoon Ina wa ku South Korea. Mu June 2022, pa Korea Women's Open, anamenya kampira kosakhala kake kamene anakapeza m'maudzu. Kulakwitsa kotero kumachitika, ndipo mankhwala ake ndi kuvomera chilango cha kumenya kuwiri n'kubwerera kukasewera kampira koyenera. Iye anazindikira kuti kampirako si kake koma anapitiriza osanena kanthu, ndipo anadzadziulula patatha pafupifupi mwezi. Analetsedwa kusewera zaka 3, chiletso chimene pambuyo pake chinachepetsedwa kufika miyezi 18, ndipo anabwerera mu 2024. Chimene chinamulangitsa kwambiri si kampira kolakwikako ayi, koma kukhala chete kuja akudziwa, ndipo apa ndi pamene fanizo la bawo lija likugwira ntchito.

FUNSO: Kodi wosewera akaona kuti woyang'anira malamulo wamulakwira, angathe kukana chilango? Ndine bambo wa ku Furancungo, m'boma la Macanga.

YANKHO: Bambo, angathe kudandaula ndi kupempha kuti akuluakulu a mpikisano aunikenso nkhaniyo, koma iwo akagamula, chigamulocho ndi chomaliza. Malamulo amalimbikitsa kuti munthu amenye kampira pasanathe masekondi 40 nthawi yake ikakwana, ndipo gulu likatsalira m'mbuyo woyang'anira amayamba kuwerenga nthawi ya aliyense. Mu July 2023, pa mpikisano wa Evian Championship ku France, Carlota Ciganda wa ku Spain anawonjezeredwa kumenya kuwiri pa tsiku lachiwiri chifukwa chochedwa. Iye anatsutsa kuti nthawiyo sinawerengedwe bwino, dandaulo lake linamvedwa koma linakanidwa, ndipo anachoka pamalo osayinira makhadi asanalembe chilangocho. Popeza khadi lake linaonetsa nambala yochepa kuposa yoyenera, iye akudziwa za chilangocho, anachotsedwa mu mpikisano tsiku lomwelo.