Viola Davis sankasewera ulere, musalole akupusitseni

Achemwali, ndawerenga katatu zomwe mwalemba zoti akufuna kukupatsani mbali mu sewero koma osakulipirani, ndipo mtima wangondiwawa ngati zachitika dzulo. Zoti "sewerani kaye ulere, olo Viola Davis anayamba movutika" ndi nyimbo yomweyo imene anandiyimbira ine, kungoti nthawi imeneyo ankanditchulira maina ena.

Ine ndinali ndi zaka 23, ndikukhala ku Ndirande ndi mayi anga. Dayilekita wina, dzina sinditchula, anandipatsa mbali ya mayi wamasiye mu sewero la pa siteji lomwe ankati alijambulanso likhale filimu. Miyezi inayi ya mapulakatisi, katatu pa sabata, thiransipoti yanga, ikandithera ndinkayenda wapansi mpaka mtawuni, chitenje chakuda ndi duku ndinagula ndekha, mawu onse ndinaloweza mpaka mayi ankandidzutsa usiku kuti iwe ukuyankhula kutulo. Za ndalama ndikafunsa ankangoti tikambirana show ikatha.

Nde tsiku lenilenilo. Ndinafika 2 koloko masana mvula itandinyowetsa, mayi ndi ang'ono anga awiri atagula kale matikiti ndi ndalama ya mandasi yomwe mayi ankasunga mu chitini. Kungolowa kuseri kwa siteji ndinapeza mtsikana wina wavala chitenje changa, duku langa lili kumutu kwake, akumupaka phawuda. Ndinaima ngati mtengo. Bambo aja osandiyang'ana nkumaso komwe, akudina foni, akuti kamera sikukugwira bwino, ndiwe wakuda kwambiri, otithandiza ndalama akufuna nkhope yowala. Pamaso pa anthu onse, anzanga omwe tinkagawana chinangwa pa mapulakatisi, palibe olo mmodzi anatsegula pakamwa. Kenako akuti ukhale kuseri kwa katani uzimunong'oneza mawu akaiwala. Ndipo ndinakhaladi achemwali, maola awiri ndikunong'oneza mawu anga misozi ikutsika, uku mayi ali pa mpando kudikira kuti mwana wawo atulukira nthawi ina iliyonse. Zitatha anandipatsa banzi ndi chakumwa. Mayi sanandifunse kanthu, anangondifunditsa chitenje chawo mu minibasi, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipweteka mpaka lero.

Munthu ameneyo mpaka pano amayenda mutu uli mmwamba nkumayankhula zokweza luso la atsikana. Luso lake liti? Kudyera ana a eni thukuta basi, wopanda chisoni, ndipo ndikudziwa sindinali woyamba.

Tsono za Viola, wosewera mafilimu wotchuka wa ku America, tiyeni tinene zoona zake. Anavutikadi, anabadwa mu 1965 ku St. Matthews ku South Carolina, nkukulira ku Central Falls ku Rhode Island mnyumba zodzadza makoswe, njala mpaka kufufuza chakudya mmabini, amanena yekha zimenezi. Koma sanangodzuka nkuyamba kusewera ulere kwa aliyense womulonjeza kutchuka. Anaphunzira za zisudzo ku Rhode Island College, kenako zaka zinayi ku sukulu ya zaluso ya Juilliard ku New York, kumaliza 1993. Mu 1996 anasewera kambali kakang'ono ka nesi mu filimu ina, ntchito ya tsiku limodzi, ndipo anamulipira, kanamulowetsanso mu bungwe la osewera mafilimu. Kumeneko kuli mabungwe oyang'anira malipiro, osewera pa siteji ali ndi lawo, a mafilimu lawo, munthu sangokuchotsa pa tsiku la show ngati akuthamangitsa nkhuku.

Ndipo onani mmene zinamutengera nthawi. Tony yoyamba, mphoto ya masewero a pa siteji, anatenga 2001. Dziko linamudziwa bwino mu 2008 ali ndi zaka 43, mu filimu ya Doubt, pomwe anaoneka mphindi zochepa chabe pambali pa wosewera wotchuka Meryl Streep nkulowa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu. Emmy, mphoto ya pa TV, anatenga 2015 ali ndi zaka 50, mzimayi wachikuda woyamba kupambana ngati wosewera wamkulu pa masewero a drama a pa TV. Oscar inabwera 2017 ndi filimu ya Fences, mbali yomweyo yomwe inamupatsa Tony yachiwiri pa siteji mu 2010, kenako Grammy, mphoto ya nyimbo ndi mawu ojambulidwa, mu 2023. Koma ndi zonsezo mu 2018 anadandaulabe poyera kuti anthu amamufanizira ndi Meryl Streep pomwe malipiro ake sakufika olo pafupi, nkunena kuti ngati ndi choncho amulipire moyenera. Za khungu lakuda kwambiri wakhala akunenanso, kuti ankamuona ngati sangasewere mkazi wokongola wokondedwa. Ndikamamumva ndimangoona katani ija. Nde wina azitenga dzina la mayi ameneyu, amene akumenyera malipiro, kuti akugwiritseni ntchito yaulere? Ayi ndithu.

Langizo langa, musapite opanda pepala. Alembe mbali yanu, ndalama zingati, liti, thiransipoti alipira ndani, asayine, mujambule pa foni, ndipo zovala musagule ndi ndalama yanu. Akakana mudziwiretu kuti ndi munthu wotani.

Komabe achemwali, akakana kusayina koma mbaliyo ili yabwino, mwina pitani basi. Ine nditachoka tsiku lija sindinapondenso pa siteji, zaka zadutsa, ndipo ndikaona anzanga aja pa TV pakhosi pamandiuma. Mtsikana anavala duku langa uja anapitiriza, pano amadziwika. Ndiye kaya, pitani, koma mayi anu musawagulitse tikiti mpaka mutaona ndi maso anu kuti chovala chili pathupi panu ndipo katani yatseguka.