Musaformate kaye, kompyuta imalemba yokha chomwe chaigwetsa

Achemwali ena a ku Lizulu andilembera imelo kuti Word ikumangodzitsekera akamataipa ma CV a makasitomala, ndiye wokonza wina wawauza kuti aformate basi, kutanthauza kufufuta zonse za mu kompyuta nkuikamo Windows mwatsopano. Atani?

Achemwali, mawu oti kuformatawa amandiwawa mtima. Kuno ku Dedza boma anandipeza aphunzitsi ena, bambo achikulire ndithu, laputopu ili kukhwapa nkhope yagwa, mnyamata wina anali ataiformata chifukwa Excel imatseka yokha, malikisi a ana a Fomu 4 a teremu yonse anapita, zithunzi za ukwati wa mwana wawo zinapita, ndipo chowawitsitsa Excel ija imatsekabe. Nditatsegula ma log, momwe Windows imalemba zomwe zachitika mu kompyuta, dzina la chomwe chimagwetsa Excel linali poyera, draiva ya printa, kapulogalamu koyendetsa printa, yomweyo mnyamata uja anaibwezeramo atatha kuformata. Bambo aja anangokhala chete pa benchi nthawi yaitali osayankhula.

Ine ndinene mosabisa, munthu woformata asanawerenge log sakukonza, akungoyerekeza ndi katundu wa eni ake, ndipo ndalama asamalandire. Windows imalemba pulogalamu ikagwa, tsiku, ola, fayilo yomwe yalakwa, zonse zaulere koma anthu sazitsegula.

Komanso kuthimathima kwa magetsiku, ambiri batire la laputopu linafa kalekale ndiye magetsi akangopita makina amazima mwadzidzidzi, ku gawo la ma log lotchedwa System mumapeza uthenga wa Kernel-Power nambala 41, anthu nkumati ndi vairasi pomwe ayi, nambalayo ikungonena kuti makina sanazime mwadongosolo.

Zoti muchite

Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani eventvwr, Enter. Pitani pa Windows Logs kenako Application, sakani Error yofiira ya nthawi yomwe Word inatseka, Event ID yake ndi 1000. Werengani mzere wa Faulting module name, dzina la fayilo lili pamenepolo mulisake pa Google, lidzakuuzani ngati ndi printa, antivairasi kapena Office yeniyeniyo. Mukaona 0xc0000005 ndiye kuti pulogalamu inagwira memory yomwe siyake. Yesaninso kutsegula Word mutagwira Ctrl kuti ilowe safe mode, momwe imatseguka popanda ma add-in, timapulogalamu towonjezera mu Word, ikasiya kutseka muyambe kukayikira ma add-in amenewo. Ma CV aja muwakopere kaye pa flash lero lomwe, kenako mundijambulire mzere wa Faulting module name uja munditumizire tiwuone limodzi.