Kodi dokotala wongomaliza kumene akayambire ku chipatala chaching'ono?

Ndalandira imelo kuchokera kwa dokotala wachitsikana amene watsala pang'ono kumaliza internship (nthawi yophunzira ntchito m'chipatala akamaliza sukulu ya udokotala) kuno ku Zomba. Akuti anzake ambiri akulimbirana malo ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central kuti adzakhale akatswiri a opaleshoni kapena a matenda a ana, koma iye mtima wake uli pa family medicine, udokotala wothandiza odwala a misinkhu yonse ndi matenda osiyanasiyana, ndipo pali chipatala china chaching'ono chimene chikufuna kumulemba ntchito. Achibale akumuuza kuti kumeneko n'kubwerera m'mbuyo, kuti imeneyo ndi ntchito ya ma clinical officer. Akufunsa ngati n'kwanzeru kupita.

Adokotala, pitani. Koma mupite pokhapokha ngati kumeneko kuli dokotala wamkulu woti azikuyang'anirani ndi kukuwongolerani.

M'miyezi 18 ya internship mwazungulira mawodi a ana, a amayi, a opaleshoni ndi a matenda a akuluakulu, ndipo mwaphunzira zambiri. Komatu ambiri mwa odwala amene mumawapeza m'wodi amakhala atasefedwa kale. Wina pa Matawale kapena ku Domasi anawaona, n'kulemba m'kabuku kuti apite ku chipatala chachikulu cha Zomba Central, wina n'kusankha wodi yowagoneka. Ku chipatala chaching'ono wosefayo ndi inuyo. Pa benchi imodzi pakhala mwana wotentha thupi, mayi woyembekezera wotupa miyendo, mnyamata wa kunyanja ya Chilwa amene akukodza magazi, ndi bambo wa khunyu amene anasiya mankhwala. Muyenera kuzindikira amene angabwerere kwawo ndi panado, ndi amene sangafike m'mawa akapanda kukwera ambulansi. Luso limeneli limalowa bwino munthu akadali wanthete, asanazolowere kuona chiwalo chimodzi chokha cha thupi.

Taganizirani agogo ochokera cha ku Jali, kabuku kawo kachipatala atakakulunga m'jumbo ya shuga. Akuti thupi lonse likuphwanya, mutu sukusiya. Mwawayeza malungo, alibe. Mukakhala pa changu muwapatsa mankhwala opha ululu, n'kuitana wotsatira. Koma mukatsegula masamba a m'mbuyo mupeza kuti dandaulo lomweli linalembedwapo kale kangapo, ndipo palibe anawayeza BP. Mukawayeza, yakwera. Mukacheza nawo pang'ono mumva kuti ma ARV amalandira tsiku lina, kiliniki ya BP ndi tsiku linanso, ndalama ya kabaza imakwana ulendo umodzi basi, ndipo kunyumba akulera zidzukulu. Apa ntchito yanu si kulemba mankhwala kokha, koma kukambirana ndi anamwino kuti agogowa azilandira zonse tsiku limodzi, ndi kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo kuti aziwayendera. Pakatha miyezi itatu muwaonanso nokha, n'kudziwa ngati zimene munaganiza zinathandiza. M'wodi ya ku Central wodwala akatuluka, kawirikawiri simumvanso za iye.

Achibalewo auzeni kuti family medicine ndi ukatswiri wokwanira, wokhala ndi digiri yake. College of Medicine, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili m'kati mwa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), inayamba kuphunzitsa phunziroli kwa ophunzira a chaka chachinayi mu 2011, ndipo mu 2015 inayambitsa maphunziro a ukatswiri a zaka zinayi. Amaphunzirira dala m'zipatala ngati za Mangochi ndi Nkhoma, chifukwa ndi kumene ntchitoyo ili. Wotuluka kumeneko amachita opaleshoni ya amayi ovutika pobereka, amasamalira a shuga, a chifuwa chachikulu ndi a matenda a maganizo, komanso amaphunzitsa ndi kutsogolera anzake. Ndipo mawu onyoza ma clinical officer aja musapite nawo. Anthu amenewa ndi amene asenza zipatala za dziko lino kwa zaka zambirimbiri. Mukapeza amene wakhala nthawi yaitali mu fiyeta, imani pambali pake muone mmene manja ake amayendera.

Kuno kwathu nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Zomba yakhala nthawi yaitali ilibe chipatala cha disitirikiti ngati cha ku Liwonde kapena ku Mangochi, ndiye Central imasenza mitolo iwiri. Dokotala mmodzi waluso ku chipatala ngati St Luke's ku Malosa kapena ku Pirimiti amatanthauza kuti amayi ambiri athandizidwa pafupi ndi kwawo, osayenda ulendo wautali usiku ali pa ululu.

Choopsa chimene ndikufuna muchipewe ndi kusiyidwa nokha. Dokotala wachinyamata akafika kumene kulibe mnzake, mawa lomwe amamupatsa udindo woyang'anira chipatala chonse. Misonkhano ndi malipoti zimamudyera nthawi, odwala ovuta onse amathera kwa iye, ndipo akalakwitsa palibe womuuza. Cholakwikacho amachibwereza mpaka chimasanduka chizolowezi. Ena amatopa msanga n'kuyamba kudana ndi ntchito imene ankaikonda.

Choncho musanasaine kalikonse, pitani mukakhaleko tsiku lathunthu, muone ndi maso. Funsani kuti usiku mayi akamataya magazi atabereka muimbira ndani, ndipo munthuyo afika pa mphindi zingati. Funsani ngati fiyeta ikugwira ntchito, wogonetsa odwala alipo, magazi amasungidwa pomwepo kapena amachita kukatenga. Funsaninso ngati m'mawa uliwonse ogwira ntchito amakumana kukambirana za odwala a usiku, chifukwa pamenepo ndi pamene muziphunzirira. Mayankho akakukhutiritsani, vomerani, mugwire chaka kapena ziwiri, kenaka mufunsire malo ku KUHeS. Akapanda kukukhutiritsani, lemberani a dipatimenti ya family medicine kumeneko akuthandizeni kupeza chipatala chimene chili ndi wokuphunzitsani.