Ngati switch imadzikonza yokha, mwana wanga akuphunziranji?

Mafunso awiri afika kuchokera nyumba zosiyana, koma akukhudza chinthu chimodzi. Mtsikana wina amene ali pa atachimenti ku Lilongwe akuti womuyang'anira anamupatsa switch (bokosi lolumikiza makompyuta pa netiweki) ya Cisco Catalyst 2960 ya maport 24 (mabowo obayamo zingwe), n'kumuuza kuti port iliyonse yopita ku kompyuta aiike cisco-desktop, yopita ku foni aiike cisco-phone, basi. Wachita, zagwira, koma sakudziwa chimene wachita, ndiye akufunsa ngati limeneli ndi luso loyenera kulemba pa CV. Bambo wina, amene akulipirira mwana wake fizi ya maphunziro a netiweki, wamva kuti maswitch a masiku ano amadzikonza okha, ndipo akuopa kuti ndalama zake zikungolowa m'madzi.

Tiyambe ndi inu achemwali. Chimene mwagwiritsa ntchitocho a Cisco amachitcha Smartports macro. Ndi mndandanda wa makomandi amene anawasonkhanitsa kale n'kuwapatsa dzina limodzi, kuti m'malo molemba mizere isanu ndi inayi pa port iliyonse, mulembe umodzi. Pa switch ngati yanuyo alipo asanu ndi limodzi obwera nayo: cisco-desktop ya kompyuta, cisco-phone ya foni ya IP imene kumbuyo kwake kumalumikizidwanso kompyuta, cisco-switch ya chingwe chopita ku switch ina, cisco-router, cisco-wireless ya access point (chipangizo chopereka Wi-Fi), ndi cisco-global imene imakhudza switch yonse osati port imodzi. Womuyang'anira wanu sanalakwitse kukuuzani kuti muzigwiritse ntchito. Munthu wolemba pamanja maport 24 amaiwala mzere pa port ya nambala 17, ndipo vuto lake limadzatulukira patapita miyezi itatu iye atachoka kale.

Kaikidwe kake n'kosavuta. Lumikizani laputopu yanu ndi chingwe cha console, tsegulani pulogalamu ya PuTTY pa liwiro la 9600, lembani enable kenako configure terminal. Yambani mwapanga VLAN (gulu la makompyuta opatulidwa paokha pa netiweki) imene mukufuna, tinene vlan 20, ndipo ipatseni dzina. Kenako interface range fastethernet 0/1 - 12, n'kulemba macro apply cisco-desktop $access_vlan 20. Pa IOS (pulogalamu yoyendetsa switch ya Cisco) yakale mawu a pambuyo pa chizindikiro cha dola aja ndi $AVID, ndipo switch imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, choncho osalota. Lembani show parser macro name cisco-desktop, switch ikuonetsani mawu oyenera pamodzi ndi mizere yonse imene ili m'katimo.

Komandi imeneyi ndiyo yankho la funso lanu. Kulemba macro apply aliyense angaphunzire tsiku limodzi. Chimene amakufunsani pa intaviyu ndi tanthauzo la mizere imene show parser macro yakuonetsani, ndiye tiyeni tiiwerenge.

Iwiri yoyambirira imaika port mu VLAN 20 n'kuikhomerera kuti ikhale access, kutanthauza kuti inyamule VLAN imodzi yokha ndipo isayerekeze kukambirana ndi chipangizo cha tsidya linalo zoti isanduke trunk, port yonyamula ma VLAN ambiri. M'mawu ofotokozera amene ali mu macro momwemo, a Cisco amalangiza kuti VLAN imeneyi isakhale 1, chifukwa port iliyonse imabwera ili kale mu VLAN 1, ndiye aliyense wobaya chingwe pa port imene munaiiwala amapezeka ali pamodzi ndi makompyuta a ofesi.

Isanu yotsatira ndi ya port security, ndipo apa ndi pamene madandaulo ambiri a m'maofesi amabadwira. Macro imalola MAC address (nambala yozindikiritsa chipangizo chilichonse pa netiweki) imodzi yokha pa port. Ikabwera yachiwiri, imachita chimene amati restrict: imataya mauthenga a mlendoyo, imalemba mu log, imawonjezera chiwerengero cha zolakwa, koma port siitseka. Address ikakhala chete mphindi 2 imafufutidwa, kuti wina akabweretsa kompyuta ina pa desiki lomwelo igwire popanda kukuitanani. Tsono ganizani za ofesi ya akaunti imene ili ndi soketi imodzi ya netiweki pakhoma koma anthu atatu. Wina amagula kaswitch kakang'ono ka maport asanu, n'kulumikizapo makompyuta awiri ndi pulinta. Amene wayatsa kompyuta yake moyambirira m'mawa ndiye amakhala ndi intaneti, enawo ayi, ndipo mawa lake zimatembenuka. Nyali ya port ikuwala bwinobwino, chingwe n'chabwino, ndiye wosadziwa amayamba kudula maRJ45 n'kupanga ena. Wodziwa amalemba show port-security interface fastethernet 0/5, amaona chiwerengero cha violation chikukwera ndi address imene yakanidwa, nkhani yatha. Chotsala n'kusankha: kukweza maximum, kapena kukoka chingwe china kuchokera ku kabati. Njira yachiwiriyi ndiyo yabwino, ngakhale abwana saikonda chifukwa imafuna ndalama.

Iwiri yomaliza imayendera limodzi. Mwa spanning tree yakale (njira yoletsa mauthenga kuzungulira pakati pa maswitch), port imadikira masekondi 15 ikumvetsera ndi ena 15 ikuphunzira isanayambe kudutsitsa kanthu. Masekondi 30 amenewa ndi okwanira kuti kompyuta ipemphe address ku DHCP (seva yogawa ma address), isayankhidwe, n'kudzipatsa yokha address yoyamba ndi 169.254. Mzere wa spanning-tree portfast umachotsa kudikirako. Koma port yosadikira ndi yoopsa ngati yalumikizidwa ku switch ina, chifukwa mauthenga akhoza kuyamba kuzungulira mpaka netiweki yonse kuima. N'chifukwa chake pali spanning-tree bpduguard enable. Maswitch amatumizirana timauthenga totchedwa BPDU masekondi 2 aliwonse, ndipo port ya kompyuta ikangolandira kamodzi imadzitseka n'kukhala err-disabled. Zimachitikanso wina akaona chingwe chikulendewera n'kuchibaya pa soketi yoyandikana nayo, mutu uku mutu uku, poganiza kuti akukonza. Mukalemba show interfaces status err-disabled muona port ndi chifukwa chake. Chotsani kaye chimene chayambitsa, kenako shutdown ndi no shutdown pa port imeneyo. Mukaitsegula musanachotse, itsekekanso musanaimirire pampando.

Cisco-phone ndi yofanana nayo, kungoti imawonjezera voice VLAN, imalola address yoposa imodzi popeza foni ndi kompyuta zikudyera port imodzi, ndiponso imayatsa auto qos kuti mawu a pafoni azidutsa patsogolo pa zina zonse.

Cholakwa chachikulu chimene ophunzira amachita ndi interface range. Mwalemba 0/1 - 24 mosaona kuti chingwe chochokera ku switch yaikulu chili pa 24. Port imene inali trunk yasanduka access, bpduguard yaitseka, ofesi yonse yakhala chete. Ngati munalowa mu switch kudzera pa netiweki ndi SSH, mwadzitsekera panja nokha, ndipo muyenera kunyamula laputopu kupita komwe kuli kabatiko, kaya ndi pansanjika ina kaya ndi ku nthambi ya ku Mchinji. Musanakhudze port iliyonse, lembani show cdp neighbors ndi show interfaces trunk, mudziwe maport amene akulankhula ndi maswitch ena, muwalembe papepala.

Pali makhalidwe ena a macro amene sakuonekera. Macro imawonjezera pa zimene zilipo, sifufuta zakale. Port imene kale inali ya foni mukaiika cisco-desktop, mzere wa voice VLAN ndi ya QoS imatsalira. Yambani ndi default interface fastethernet 0/5 kuti port ibwerere mmene inachokera kufakitale. Komanso mzere umodzi ukakanika, macro siima, imapitiriza ndi yotsatira, ndiye port ikhoza kukhala yokonzedwa theka inu muli phee. Gwiritsani ntchito macro trace m'malo mwa macro apply pa port yoyamba, muone mzere uliwonse ukulowa, kenako tsimikizani ndi show running-config interface. Ndipo mukadzayamba kulemba mamacro anuanu, dziwani kuti kusintha macro kapena kuifufuta sikusintha maport amene munawaika kale. Muyenera kuwabwereza.

Pa cisco-switch, nambala imene mumapereka ndi ya native VLAN (VLAN imene mauthenga ake amadutsa pa trunk opanda chizindikiro), ndipo iyenera kufanana mbali zonse ziwiri za chingwe. Ikasiyana, switch imadandaula pa console kuti native VLAN mismatch, ndipo mauthenga a VLAN ina amagwera mu ina. Macro imeneyi imalolanso ma VLAN onse kudutsa, choncho chepetsani nokha ndi switchport trunk allowed vlan. Mukadzafuna kuwonjezera ina pambuyo pake musaiwale mawu akuti add, chifukwa popanda iwo mndandanda wakale wonse umafufutika.

Mukamaliza, copy running-config startup-config. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, ntchito yosasungidwa sigona.

Pa CV musalembe kuti mumadziwa Smartports. Lembani kuti munakonza maport a access ndi trunk pa Catalyst 2960, ma VLAN a data ndi voice, port security, PortFast ndi BPDU guard, ndiponso kuti munathetsa mavuto a err-disabled. Koma lembani zimenezi pokhapokha mutatenga port imodzi yopanda ntchito, ndi chilolezo cha womuyang'anira wanu, n'kulemba mizere isanu ndi inayi ija pamanja osaonera.

Tsopano kwa inu bambo. Zimene mwamvazo zili ndi choonadi chake. Pali chimene amati Auto Smartports: switch imazindikira kudzera mu CDP kapena LLDP (njira zimene zipangizo zimadzidziwitsira kwa zinzake) kuti chimene chabayidwa ndi foni, access point kapena switch ina, n'kudziikira yokha macro yoyenera, ndipo chingwe chikazulidwa imachotsanso. Makampani ena ali ndi zofanana nazo, monga port profile pa UniFi ndi pa Meraki. Koma switch imangodziwa mtundu wa chipangizo. Sidziwa kuti makompyuta a malipiro asakumane ndi Wi-Fi ya alendo, kapena kuti makamera akhale paokha. Munthu ndiye amagawa ma VLAN ndi ma address, ndipo akapanda kutero makinawo amangoponya makompyuta onse mu VLAN 1 ija. Ntchito imene yachepa ndi yolembalemba mizere. Yopanga pulani ndi yofufuza chimene chavuta ikadalipo m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'zipatala, m'masukulu ndi m'mabungwe.

Mayeso a CCNA, satifiketi ya Cisco ya luso la netiweki, nambala yake 200-301, amatenga mphindi 120 ndipo satifiketi yake imagwira ntchito zaka zitatu. Pa mitu yake pali VLAN, trunk ya 802.1Q, native VLAN, voice VLAN, CDP ndi LLDP, PortFast ndi port security, zomwe ndi zam'kati mwa mamacro tafotokozazi, ndipo palinso gawo la automation. Mtengo wake umakhala m'madola, choncho uoneni pa webusaiti ya Cisco musanayambe kusonkhanitsa makwacha.

Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi sukulu imene mukulipirayo. Funsani ngati ali ndi maswitch enieni mu labu, ndi angati, ndipo ophunzira angati amagawana imodzi. Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, ndi yaulere kudzera ku Cisco Networking Academy ndipo ndi yabwino poyambira, koma ilibe makomandi onse, ndipo simuphunzitsa munthu kulondola chingwe chopanda chizindikiro m'kabati. Funsaninso pepala limene mwana adzatuluke nalo. Satifiketi yosonyeza kuti wamaliza kosi ya Networking Academy si CCNA ayi. CCNA imabwera akakhoza mayeso amene amalembetsa kudzera ku Pearson VUE, ndipo ndalama yake nthawi zambiri imakhala yapadera pa fizi. Ngati labu ya pasukulupo ndi yoperewera, 2960 yogwirapo kale ntchito ndi chingwe cha console cha USB n'zokwanira kuti mwana ayeserere kunyumba zonse zili pamwambazi, kupatula trunk imene imafuna switch yachiwiri. Imeneyo akhoza kusonkherana ndi mnzake wa m'kalasi.