Funsani Tiyankhe: Mayi wofuna kukhala phungu ayenera kuphunzira kufika pati?

Funso: Zikomo akonzi. Mchemwali wanga ndi mphunzitsi wa pulayimale ndipo anthu akwathu akumukakamiza kuti adzaime pa uphungu. Ena akuti popanda digiri asataye nthawi. Kodi n'zoona? Wowerenga wa ku Ntcheu

Yankho: Si zoona ayi. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna zinthu zinayi: akhale nzika ya Malawi, akhale atakwanitsa zaka 21, dzina lake likhale m'kaundula wa ovota, ndiponso azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Digiri sitchulidwa. Bungwe la MEC limafuna umboni wa Chingerezicho, monga setifiketi ya MSCE, ndipo wopanda umboni amamuyesa mayeso.

Chimene mchemwali wanuyo asachipeputse ndi ntchito yake. Wogwira ntchito ya boma saloledwa kupikisana asanatule pansi udindo, choncho ayambe wawerengera kuti banja lidzadya chiyani malipiro akaima. Mapepala opereka ku MEC asainidwe ndi anthu khumi olembetsa m'dera lomwelo. Asanapereke, afananize dzina ndi nambala ya aliyense ndi zimene zili m'kaundula, chifukwa mmodzi akapezeka kuti adalembetsa dera lina, chiwerengero chaperewera. Ndalama yolembetsera, amayi amalipira theka la ya abambo.

Komabe sukulu ili ndi ntchito yake akalowa m'Nyumbamo. Mayi Catherine Gotani Hara adaphunzira ku Kamuzu Academy, kenako za ndale ku Chancellor College. Adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2009 kuimira Mzimba North East, adakhalapo nduna, ndipo mu June 2019 adakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala Sipikala. Phungu amapatsidwa mabuku a bajeti okhuthala ngati njerwa, mabilu olembedwa m'chiyankhulo cha maloya, ndi malipoti a mkulu wofufuza za chuma cha boma. Wosazolowera kuwerenga amangokhala chete mu komiti pamene anzake akufunsa alembi a maunduna kumene ndalama za mankhwala zidapita. Mphunzitsi kuwerenga adakuzolowera kale, angowonjezera kuwerenga bajeti ndi malamulo oyendetsera Nyumbayo.

Funso: Nanga n'chifukwa chiyani amayi ophunzira bwino amagwabe? Wowerenga wa ku Karonga

Yankho: Ambiri amagwera ku zisankho zachipulula, asanafike n'komwe pa pepala lovotera. Kumeneko amavota ndi nthumwi za m'makomiti a chipani, nthawi zambiri poima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Mndandanda wa nthumwi ukasinthidwa usiku, kapena malo ovotera akasamutsidwa mwadzidzidzi, mayi amene alibe galimoto yonyamulira anthu ake watha. Choncho afunse mndandandawo masiku akadalipo, ausunge wosainidwa, ndipo adziwe wapampando wa komiti iliyonse pamaso, osati pa foni pokha. Akaberedwa, lamulo limamulola kuima payekha.

Tsiku lovota aike oyang'anira pa malo aliwonse ovotera, ndipo aliyense achoke ndi pepala la zotsatira losainidwa. Wopeza mavoti ochuluka ndiye wapambana, ngakhale asiyane ndi mnzake ndi voti imodzi.

Vuto lina ndi la ndalama. Anthu amayembekezera kuti wofuna uphungu agule bokosi la maliro ndi kulipirira ana fizi, pamene lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Kunyozedwa nakonso kulipo: mayi amafunsidwa za ukwati wake ndi kumene adabadwira, mafunso amene bambo samva kawirikawiri. N'zopweteka kuti Mayi Rose Chibambo adatsegula khomo kale mu 1964, koma pa chisankho cha 2014 amayi adangopeza mipando 32 mwa 193. Wofuna kuima alankhule msanga ndi mabungwe a kampeni ya 50:50, amene amaphunzitsa amayi kayendetsedwe ka kampeni.