Achimwene, siyani chmod (lamulo losinthira ma permission), onani kaye mmene disk yalowera pa seva

Achimwene, musavutike ndi makompyuta a anthu muofesimo, vuto lili pa seva ya Linux pomwepo. Mwanena nokha kuti foda ikuoneka koma ikukana ndi "Permission denied" chiyikireni disk yachiwiri. Ine zimenezi zinandionetsa zakuda, ndikakumbukira mtima umawawabe.

Kunali kumapeto kwa mwezi, tsiku lokonza malipiro. Magetsi anathima usiku, batire la UPS linali lotha kale, seva n'kudzayaka yokha m'mawa. Mayi akauntanti kutsegula foda ya Samba (pulogalamu yogawira mafoda a pa seva ku makompyuta ena) pa Windows yawo, mulibe kanthu. Ngakhale fayilo imodzi! Kuyesa kusevamo chinthu, ikukana. Mayiwo anaima kumbuyo kwanga misozi ili lengelenge, abwana akuimba foni osalekeza, madalaivala ndi alonda ali panja kufunsa ngati ndalama zilowe lero. Ine thukuta lili kamukamu, mumtima ndikuti basi mafayilo a zaka zonse apita. smb.conf, fayilo ya ma setting a Samba, inali bwinobwino, mapasiwedi bwinobwino. Nditalemba findmnt, lamulo loonetsa ma disk amene alumikizidwa, mpamene ndinaona kuti disk ija palibepo. Anthu amaona foda yopanda kanthu imene disk imalumikizidwapo, mwini wake ali root (akaunti yaikulu ya seva). Ndinachita mount (kulumikiza disk ku foda yake) pamanja, mafayilo onse mbwee kubwerera, mayi aja kupuma. Koma kuseva ikukanabe. Ndikalemba chown, lamulo losinthira mwini wa fayilo, ngakhale ndili root, ikuyankha "Operation not permitted". Disk inali yofomatidwa mu mtundu wa exFAT. exFAT sisunga mwini wa fayilo kapena ma permission a Linux, zimenezo zimaperekedwa pa nthawi ya mount basi.

Amene anatichita zimenezi ndi mkulu wina amene kampani inamulipira ndalama zambiri kuti atiikire seva. Anagula disk ya USB m'shopu, osaifomata, anachita mount pamanja ndi ma option ake, osalemba mu /etc/fstab (fayilo imene imauza seva ma disk oti ilumikize ikamayaka), osasiya ngakhale kapepala. Tsiku limenelo foni yake sinkayankhidwa. Atayankha madzulo anauza abwana kuti ine ndagwiragwira zinthu zosazidziwa. Munthu wopanda manyazi! Ntchito yosamaliza ndi yake, koma wonyozeka pamaso pa anthu ndinali ine.

Ndinakonza ndekha usiku womwewo. Lamulo la blkid linandipatsa UUID (nambala yozindikiritsa disk), ndinalemba mzere mu fstab wokhala ndi uid=, gid= ndi umask=002 (zonena mwini, gulu ndi ma permission a mafayilo), kenako umount ndi mount -a. Anthu anayamba kuseva.

Inuyo yambani ndi findmnt, muone mtundu wa disk komanso ngati sipanalembedwe ro (yongowerenga, yosalola kuseva). Ikakhala ext4, mtundu wa Linux womwe umasunga ma permission, dziwani kuti ma permission amene munaika pa foda musanachite mount amakwiririka, amene amagwira ndi a disk yeniyeniyo, choncho chown ichitike disk italowa kale. Ngati yalowa yokha mu /media pansi pa dzina la munthu, ichotsenimo, chifukwa mmenemo amaloledwa ndi mwini akauntiyo yekha. Ngati mukugwiritsa NFS (njira ina yogawira mafoda, osati Samba), disk yomwe ili mkati mwa foda yogawidwa sioneka kwa ena mpaka mutaika crossmnt mu /etc/exports kapena kuigawa payokha, kenako exportfs -ra. Kumbukiraninso kuti root_squash, option ya NFS, imasandutsa root wa kompyuta ina kukhala nobody (akaunti yopanda mphamvu), ndipo UID (nambala ya akaunti) ya munthu iyenera kufanana mbali zonse ziwiri. Pa Rocky Linux kapena Fedora onaninso SELinux (chitetezo choonjezera), foda ya Samba imafuna label ya samba_share_t.

Chonde chmod 777 ayi, mutsegulira aliyense mafayilo a malipiro. Komanso seva ya ofesi musamalimbane nayo nokha usiku mutatopa, pezani munthu wodziwa ntchito akhale pambali panu, ndipo koperani mafayilo kwina musanakhudze fstab. Tumizani pano zimene findmnt ikuonetsa pamodzi ndi fstab yanu, tiziona limodzi.